Wamisala anaona nkhondo, koma ife sitimufunsa

Amalume anga adali telala wodziwika pamsika wa kwathu, ndipo kwa zaka zambiri ana a sukulu a m'midzi yozungulira ankavala yunifolomu yotuluka pa makina awo. Chaka chomwe adadwala matenda a maganizo adayamba ndi kusowa tulo, kenako kulankhula kosalekeza usiku ndi usana, mpaka tsiku lina adatenga nsalu za makasitomala nkuzigawa kwa anthu odutsa mumsewu. Abale adawagwira, adawamanga manja ndi chingwe cha mbuzi, nkuwakweza galimoto ya matola kupita nawo kuchipatala, komwe adakakhala miyezi iwiri. Atabwerako adali odekha, akudya bwino, akupereka moni mwaulemu monga kale, ndipo mudzi wonse udati bambowo achira. Komatu makina awo adatsekeredwa kuchipinda kwa mlongo wawo, sizasi idabisidwa pansi pa dengu la ufa, ndipo pamene mwana wa mlongo wawoyo adapeza banja, unkhoswe womwe udali wawo monga mwinimbumba udaperekedwa kwa mng'ono wawo popanda ndi mmodzi yemwe wowauza chifukwa.

Palibe amene adachita zimenezi mwankhanza. Aliyense ankati akuwateteza, ndipo vuto lomwe ndikufuna kukamba lagona pomwepo. Ife, kuyambira pakhomo mpaka kuchipatala, timayeza kuchira kwa munthu wodwala maganizo ndi muyeso umodzi wokha, womwe ndi kudekha. Akasiya kusokosa, akasiya kuyendayenda, akamagona usiku a m'nyumbamo nkupezako tulo, timati ntchito yatha. Muyeso umenewu ndi wa ife osamalira, chifukwa umangotiuza kuti tapuma. Sutiuza ngati mwini wakeyo wabwerera kumunda kwake, ngati ndalama yake akuigwira yekha, kapena ngati mawu ake akuwerengedwa pabwalo. Ine ndikuti munthu amene wadekha koma walandidwa ntchito, udindo ndi mawu sanachire, ndipo chithandizo chomwe chimathera pa kumudekhetsa chasiyira ntchito panjira.

Ndidawaperekezapo amalume kangapo kokatenga mankhwala pachipatala china chaching'ono, ndipo zomwe ndinkaona m'kachipinda kaja sizichoka m'maso mwanga. Namwino, mayi waulemu koma wotopa, amene mzere wa odwala omudikira unkafika pa mtengo wa mango panja, ankalandira bukhu la kuchipatala m'manja mwa amalume, koma maso ake nkuloza kwa ine. "Akugona bwanji masiku ano? Sakuvuta kunyumba? Mankhwala akumwa?" Mafunso onsewa ankabwera kwa ine, mwana wobadwa dzulo, pomwe mwini thupi adakhala pomwepo pa benchi, chipewa chili m'manja. Tsiku lina amalume adalimba mtima nkunena kuti, "Pepani amayi, mapiritsi awa akundiumitsa khosi, ndipo manjawa akunjenjemera moti ulusi sukulowa pa singano." Adauzidwa kuti apitirize kumwa, ndipo potuluka namwinoyo adandinong'oneza kuti ndiziwayang'anitsitsa, chifukwa odwala otere amakonda kupeza zifukwa zosiyira mankhwala. Chonsecho dandaulo lawo lidali loona. Mankhwala akale monga chlorpromazine ndi haloperidol, omwe ndiwo amapezeka kwambiri m'zipatala zathu, amadziwika kuti amaumitsa minofu, amanjenjemeretsa manja ndi kugonetsa munthu usana, ndipo wachipatala akamva dandaulo lotere angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera mankhwala ena monga benzhexol ochepetsa kuumako. Kwa telala, dzanja lonjenjemera ndi njala pakhomo.

Makolo adatisiyira mwambi woti wamisala anaona nkhondo. Adadziwa kuti munthu amene mudzi wamuchotsera ulemu angathe kunena zoona zopulumutsa mudziwo, ndipo kumunyozera nkudziputira tsoka. Mwambiwu timaunena pokamba za ndale ngakhalenso za mpira, koma sitiugwiritsa ntchito pa anthu eni ake omwe udawatchula. Munthu akangolembedwa kamodzi kuti adagonapo ku chipatala cha misala, chilichonse chomwe anganene kapena kuchita chimasanduka chizindikiro cha matenda. Akakwiya chifukwa wina walima kupyola malire a munda wake timati wayambanso, akasangalala kwambiri timati zikubwera, akakhala chete timati taonani mmene akuyang'aniramo. Ena tonsefe timaloledwa kupsa mtima, kulakwitsa ndi kumwaza ndalama pa zopanda pake, koma iye yekha saloledwa.

Khalidwe limeneli silidagwe kuchokera kumwamba. Chisamaliro cha boma cha odwala maganizo m'dziko muno chidabadwira m'ndende, pakuti mu 1910 atsamunda adapatula malo pa ndende yaikulu ya Zomba oti azisungirako anthu omwe ankawatcha amisala, ndipo owayang'anira adali asilikali a ndende. Chipatala cha Zomba Mental chomwe tikuchidziwa lero chidatsegulidwa mu 1953, patatha zaka 5 chikhazikitsireni lamulo la Mental Treatment Act la 1948, lomwe nkhawa yake yaikulu idali mmene munthu angalowetsedwere m'chipatala, mmene angasungidwire, ndi mmene katundu wake angayendetsedwere ndi anthu ena. Lamulo limeneli lidapyola 1964 pamene tidalandira ufulu wodzilamulira, lidapyolanso 1993 pamene tidasankha ndale za zipani zambiri, mpaka lidakwanitsa zaka zoposa 70 likugwira ntchito. Mibadwo itatu ya anamwino, apolisi ndi makolo idakula ikudziwa kuti wodwala maganizo ndi munthu womugwira, womusunga ndi womuganizira.

Papepala zinthu zasintha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 19, amati ulemu wa munthu aliyense suyenera kuphwanyidwa ndipo palibe woyenera kuzunzidwa kapena kuchitiridwa zonyazitsa, pomwe gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limawerengeranso anthu omwe ali ndi matenda a maganizo okhalitsa. Gawo 12 la panganoli limati munthu wotere ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo mofanana ndi wina aliyense, angathe kukhala ndi katundu, kulandira chuma chamasiye ndi kuyendetsa ndalama zake, ndipo ngati akuvutika kupanga chiganizo, udindo wathu ndi kumuthandiza kuti achipange yekha. Gawo 19 la panganoli limamupatsa ufulu wokhala pakati pa anthu anzake. Mu 2025 aphungu athu adavomereza lamulo latsopano la thanzi la maganizo lolowa m'malo mwa la 1948 lija, monga anzathu a ku Zambia adachitira ndi lawo mu 2019. Zonsezi nzoyenera kuombera m'manja. Koma sizasi ya amalume sidabisidwe ndi lamulo la 1948, ndipo lamulo latsopano palokha silingaitulutse pansi pa dengu.

Chomwe chidaibisa ndi chikhulupiriro chomwe ndimachimva kawirikawiri, chakuti misala siitha, imangogona. Umboni sugwirizana nacho. Ku Vermont, m'dziko la America, akatswiri otsogoleredwa ndi Courtenay Harding adatsatira anthu 269 omwe adakhala zaka zambiri m'zipinda za odwalitsitsa za chipatala cha boma, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 adayamba kutulutsidwa nkuthandizidwa kupeza pokhala ndi ntchito. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 1987, patadutsa zaka pafupifupi 30, zidaonetsa kuti pakati pa theka ndi magawo awiri mwa atatu a anthuwo adali atachira kapena atapeza bwino kwambiri. Awa adali anthu omwe chipatala chidali chitawataya mtima. Ndipo tisaganize kuti nzeru imeneyi ndi ya azungu okha. Mu 1954 dokotala wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, adayambitsa ku Aro, pafupi ndi Abeokuta, dongosolo loti odwala azikhala m'midzi yozungulira chipatala, aliyense pamodzi ndi mbale wake, akulandira chithandizo masana koma akugona, kudya ndi kugwira ntchito pakati pa anthu wamba, ndipo sadachite manyazi kugwira ntchito limodzi ndi asing'anga a kumeneko. Zimenezi zidachitika chaka chimodzi chokha chitsegulireni chipatala chathu cha ku Zomba. Kuchira komwe anthu awa adakuona sikutanthauza kuti munthu sadzadwalanso kapena kuti wasiya mankhwala. Wa shuga ndi wa BP nawonso amamwa mankhwala moyo wonse, koma palibe amene amawalanda khasu kapena unkhoswe.

Ndikudziwa chomwe ambiri anganditsutse nacho, ndipo sindichipeputsa. Mayi amene mwana wake wamwamuna, wa mphamvu zake, watenga chikwanje pakati pa usiku akukhulupirira kuti m'nyumbamo mwalowa afiti, alibe nthawi yowerenga gawo 12 la pangano lililonse. Ambulansi kulibe, apolisi ali kutali, chipatala chili kutsidya kwa mtsinje, ndipo chomwe chili pafupi ndi chingwe. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch lidalemba mu 2020 kuti mchitidwe womanga odwala maganizo ndi maunyolo kapena kuwatsekera m'tizipinda umapezeka m'mayiko 60, m'makomo, m'malo a mapemphero, kwa asing'anga ngakhale m'zipatala, ndipo kawirikawiri omangawo amakhala achibale osowa mtengo wogwira. Kudzudzula mayi wotere popanda kumupatsa kothamangira ndi chinyengo chabe. Pano ndisiyananso pang'ono ndi akatswiri ena a za ufulu omwe amati kukakamiza munthu kulandira chithandizo kuthetsedwe kotheratu. Ndidawaona amalume pa sabata yomwe sankazindikira ngakhale mlongo wawo, ndipo kuwasiya aziyenda mumsewu m'dzina la ufulu kukadakhala kuwataya.

Koma kuvomereza zimenezo sikutsegula khomo la chilichonse. Ngati munthu akakamizidwa, pakhale chifukwa chomveka ndi cholembedwa, nthawi yake ikhale yochepa, chiganizocho chiunikidwe ndi anthu ena osati okhawo amene adamutsekera, ndipo mwini wake akhale ndi kokadandaula komwe angamvedwe. Kulakwa kwathu nkwakuti sabata imodzi ya ngozi timaisandutsa chigamulo cha moyo wonse. Tiyeneranso kukumbukira kuti odwala maganizo ambiri sanavulazepo munthu, ndipo kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amaonetsa kuti iwowo ndiwo amachitiridwa nkhanza kwambiri kuposa mmene amazichitira. Aliyense amene adakulira pafupi ndi msika amadziwa kuti miyala imachokera kwa ana kupita kwa wodwala, ndipo amayi odwala omwe timawaona ali ndi pakati m'misewu sadadzipatse okha mimbazo.

Pali njira ina yotsika mtengo yomwe ikadachepetsa zingwe m'makomo mwathu. Munthu amene adadwalapo amawadziwa matenda ake kuposa tonsefe, amadziwa kuti amayamba ndi kusowa tulo kapena ndi kukayikira chakudya. Pamene ali bwino angathe kukhala pansi ndi wachipatala ndi mbale amene wamusankha yekha, nkunena kuti akadzasowa tulo masiku atatu aitanidwe uje, asamangidwe koma aperekezedwe, ndipo mankhwala akutiakuti asapatsidwe chifukwa adamupweteka. Dziko la India lidaika zimenezi m'lamulo lake la 2017, lomwe limalola munthu kulemberatu zofuna zake ndi kutchula womuimira. Kwathu kuno mawu otere angathe kukwana pa tsamba limodzi la bukhu la kuchipatala lomwe aliyense amayenda nalo kale.

Tsono wina asamve ngati ndikuti titsegule zitseko za chipatala, odwala apite kwawo, boma lipume. Anzathu a ku South Africa adalawa zowawa za maganizo amenewa. Mu 2016 akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Gauteng, pofuna kupulumutsa ndalama, adachotsa odwala maganizo oposa 1,000 m'zipatala za Life Esidimeni nkuwamwaza m'timabungwe tomwe tambiri tidalibe ziphaso zoyenera, chakudya chokwanira kapena anamwino. Anthu 144 adafa, ambiri ndi njala, ludzu, chibayo ndi kusasamalidwa, ndipo mu 2018 woweruza wopuma pantchito Dikgang Moseneke adalamula boma kupereka chipepeso kwa mabanja awo. Omwe adakonza zimenezi ankalankhula mawu okoma omwewa, oti odwala abwerere pakati pa anthu. Kubweza munthu kumudzi popanda mankhwala, popanda womuyendera ndi popanda chochita ndi kumusamutsa kuchoka m'chipinda chotseka kupita pansi pa mtengo wokhala ndi unyolo.

Apa ndiye nkhani ikufika pa ndalama. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati maboma padziko lapansi amaika pafupifupi 2 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ya zaumoyo ku thanzi la maganizo, ndipo m'mayiko osauka gawo lalikulu la kachepako limathera m'zipatala zikuluzikulu za odwala maganizo. Kwathu kuno chithandizo cha akatswiri chaunjikana ku Zomba ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, pamodzi ndi zipatala zikuluzikulu za m'mizinda, pomwe munthu wa ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Chitipa amadalira chipatala chaching'ono cha kwawo. Mwezi wina ine ndi amalume tidayenda ulendo wonse uja nkubwerako chimanjamanja, tauzidwa kuti mankhwala atha tikagule ku famase, ndipo ku famase ya pafupi kudalibe. Munthu wotere akadwalanso, mudzi umati wasiya mankhwala, ngati kuti adawasiya dala. Ufulu woyamba wa munthu amene akufuna kukhala pakati pa anzake ndi kupeza mapiritsi ake pa tsiku lomwe adamulembera, pamalo pomwe angafike wapansi. Ufulu wina womwe timauiwala ndi woyezedwa thupi lonse, chifukwa WHO imatinso anthu omwe ali ndi matenda aakulu a maganizo amafa zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, makamaka ndi matenda a thupi opeweka. Akadandaula chifuwa kapena mutu, omumva amangoti ndi zomwe zija.

Akatswiri ndi ochepa, koma kuchepa kwawo si chifukwa chopindira manja. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ku Mbare, mumzinda wa Harare, ntchito ya Friendship Bench, momwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pabwalo la chipatala nkumakambirana ndi anthu ovutika ndi chomwe Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 adapeza kuti patatha miyezi 6, mwa omwe adakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ndiwo adali akadali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 mwa omwe adalandira chithandizo cha nthawi zonse. Benchi singalowe m'malo mwa mankhwala kwa munthu wodwala ngati amalume, koma imatiphunzitsa kuti kumvetsera munthu ndi chithandizo chenicheni chomwe anthu wamba angaphunzire. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo omwe amafika m'midzi kukalemba ana ndi kupereka katemera, ndipo munthu wotuluka m'chipatala cha odwala maganizo akadayenera kuyenderedwa ndi mlangizi sabata yoyamba yomwe, monga amayenderedwa wa TB.

Koposa zonse tili ndi anthu omwe adadwalapo nkuchira. Bungwe la Mental Health Users and Carers Association, lomwe ambiri amalidziwa kuti MeHUCA, limasonkhanitsa odwala ndi owasamalira, ndipo anthu otere sayenera kuitanidwa pa 10 Okutobala pokha, tsiku lokumbukira thanzi la maganizo padziko lonse, kuti adzapereke umboni pamaso pa mlendo wolemekezeka kenako nkupatsidwa botolo la madzi. Ayenera kukhala m'makomiti oyendetsa zipatala, m'magulu ounika madandaulo, ndi m'makalasi momwe anamwino ndi madokotala amaphunzira, akulipidwa monga wina aliyense wobweretsa luso. Munthu amene adamangidwapo ndi chingwe amadziwa zinthu zokhudza chingwecho zomwe sizili m'buku lililonse la udokotala.

Zotsalazo zili m'manja mwathu ndipo sizifuna bajeti. Gulu la banki m'khonde lomwe limakana mayi chifukwa adagonapo ku chipatala cha misala, pomwe limakongoza mosavuta anthu odziwika kuti sabweza, likuchita tsankho ngakhale litalitcha kusamala. Mfumu yomwe imagamula mlandu wa munda mwini munda atakhala pomwepo, koma nkumafunsa achibale ake okha, ikuphwanya ulemu womwe gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limakamba. Mpingo womwe umachotsa munthu mu kwaya kapena pa udikoni atachira, kapena kumuuza kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, ukumukankhira ku matenda. Sindikuletsa mapemphero, amalume nawo amapemphera m'mawa uliwonse asanamwe mapiritsi awo. Nawo a zisudzo za pawailesi ndi pakanema, omwe akafuna kuseketsa anthu amangoveka munthu masanza nkumupatsa chitini, adziwe kuti m'nyumba zambiri zomwe zikuonera muli wina amene saseka nawo.

Makina a amalume adatuluka m'chipinda muja patatha zaka ziwiri, ndipo sadatulutsidwe ndi msonkhano wa banja. Wachipatala wina wachinyamata adawafunsa iwo eni kuti ankagwira ntchito yanji, nkuchepetsa mlingo wa mankhwala, ndipo manja atakhazikika amalume adapita okha kwa mlongo wawo nkunena kuti, "Achemwali, ndabwera kudzatenga makina anga, ndipo sizasi ndikudziwa pomwe ili." Kasitomala woyamba adali mayi wina wobweretsa kabudula wa sukulu wong'ambika pathako, amene adaima pomwepo mpaka ntchito itatha, mwina poopa kuti angagawidwe kwa odutsa mumsewu. Lero pakhonde pawo pamakhala milu ya nsalu nyengo yotsegulira sukulu ikayandikira. Unkhoswe wokha sudabwerere. Chaka chatha banja la mwana wa mlongo wawo uja lidagwedezeka, ankhoswe adakhala pansi kawiri osamvana, ndipo madzulo ake mwanayo adazemba yekha kupita kukhonde la amalume kukafunsa nzeru, koma adawapempha kuti asauze munthu kuti adafikako.